Kusudzulidwa kwa a Gilibati

"Ndikufuna nkhwangwa yanga, ndipo ndikufuna munthu ameneyu achoke pamudzi pano!"

A Isake anaima pakati pa bwalo thukuta lili kamukamu, ndodo yawo ikuloza kukhonde. Rozina anasiya bulangete lomwe ankachapa kuseri kwa nkhokwe, napukuta manja m'chitenje, n'kudzagwada chapatali monga amachitira mwana pamaso pa amalume ake. Anagwada ndi maondo okha, mtima unali chiimire.

"Amalume, nkhwangwa ili m'nyumbamu, ndikupatsani. Koma ababa sanadziwe kuti anthu aja munawatuma ndinu. Amayesa ndi akuba."

"Akuba? M'munda wa mayi anga? Ine ndalemba aganyu kuti andidulire mitengo ya chigafa cha fodya, munthu n'kuwathamangitsa ngati agalu. Wina wadzibaya ndi chitsa, pano akutsimphina. Iwe ukuti ndiziti chiyani?"

Pakhondepo panali bambo ake a Rozina, a Gilibati, atavala jekete yawo ya kutchalitchi dzuwa likuswa mtengo, chipewa atachikhazika pabondo. Anawayang'anitsitsa a Isake, kenako nkhope yawo inawala.

"Aa, alamu! Mwafika nthawi yanji? Rozina, apatse mpando alamu anga. Alongo anu apita kudimba kukathyola ndiwo, abwera pompano."

Alongo awo a Isake, aNabanda, mayi ake a Rozina, anali atamwalira nthawi yokolola chimanga. A Gilibati maliro anawaona, kumanda anapita, kumeta anameta nawo, koma mutu wawo sunasunge kanthu. M'mawa uliwonse ankafunsa komwe apita akazi awo. Poyamba Rozina ankawauza zoona, ndipo iwo ankalira ngati uthenga wangofika kumene. Atatopa ndi kulira maliro amodzi tsiku ndi tsiku, anayamba kumangowauza kuti amayi apita kudimba.

"Wamva?" anatero a Isake. "Munthu akuchezerana ndi akufa ameneyu. Masana amalowa m'makhitchini a eni n'kumavundukula miphika, ati akufuna mlongo wanga. Anthu ayamba kunong'onezana, ndipo zomwe akunong'onezanazo iwe ukuzidziwa."

"Ndi matenda, amalume. Anamwino anatiphunzitsa kugulu kwathu kuti ubongo umatopa monga amatopera maso. Si ufiti, si mwanonso ayi."

"Matendawo akadwalire kwawo. Mwambo si wachilendo kwa iwe. Mkazi akamwalira mkamwini timamusudzula, amatenga khasu lake ndi mphasa n'kubwerera kwa abale ake. Ife tachedwa chifukwa cha chisoni basi. Kwawo ndi ku Nathenje."

"Ku Nathenje kuli ndani, amalume? Alongo awo onse anatha. Ababa anachokako ali mnyamata. Mitengo mukufuna kudulayo anabzala ndi iwowa, ine ndisanabadwe."

"Anabzala padothi la yani?"

Dothi linali la mbumba, ndipo mwini mbumba anali a Isake.

Chilowereni matipate aliyense anali ndi ufulu, koma ufulu womwe anthu a ku Mitundu anaumvetsa msanga unali wolima fodya wa bale, yemwe kale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Tsono bale amafuna chigafa, chigafa chimafuna mitengo, ndipo mitengo inali itatha psiti dera lonse. Kunatsala kankhalango ka bulugamu ndi malaina ka a Gilibati kumapeto kwa munda. Mkuluyo ankaiwala maina a adzukulu ake, ankaiwala kuti wadya kale, koma nkhwangwa ikangolira kumeneko miyendo yake inkabwerera ku unyamata. A Isake ankanena za mwambo, inde, koma ngakhale nkhuku za pamudzipo zinkadziwa kuti mwambowo wakumbukiridwa chifukwa cha chigafa.

"Tipatseni nthawi pang'ono," Rozina anachonderera. "Gulu lathu likukonza ulendo wa ndawala kumapeto kwa mwezi uno. Tikapeza thandizo timanga chisakasa patchalitchi. Okalamba oiwalaiwala ngati ababa azikaswera kumeneko, amayi odzipereka azikawayang'anira mosinthana. Sadzalowanso m'khitchini mwa munthu."

A Isake anaseka chapamphuno. "Ndawala! Masiku ano munthu akayenda pamsewu ndi chitini ati wagwira ntchito. Chabwino, yenda ndawala yakoyo. Tidzaona."

Rozina anawomba m'manja kuthokoza. Mawu oti tidzaona si lonjezo, koma munthu wopanikizika amamva zomwe mtima wake ukufuna kumva. Analowa m'nyumba n'kukawatengera nkhwangwa yawo.

Mwamuna wake, Edson, nthawi yonseyi anali pansi pa mtengo wa mango akusoka kheni yothirira nazale ndi kawaya, maso ali pansi ngati kheniyo ndi wailesi yovuta. A Isake atangopotoloka, Rozina anamulunjika.

"Abambo a Chimwemwe, apongozi anu akunyozedwa chonchi inu mwangoti duu?"

"Ndikanati chiyani? Nkhani ya mbumba ine ndilowererapo bwanji? Ndine wobwera pano."

"Wobwera amadya nsima yomweyi. Pamene munkamanga nyumba iyi, milimo ndi mapaso anakupatsani ndani?"

"Ndikudziwa, amake Chimwemwe. Madala aja ndimawakonda ngati bambo anga ondibala. Koma a Isake ndi atcheyamani a kalabu yathu ya fodya. Ndikatsutsana nawo lero, mawa ndili kunja, ndiye ana awa adya chiyani? Nanenso chigafa ndilibe."

"Ohoo, ndiye nanunso maso ali kunkhalango konkuja?"

"Sindinatero."

"Simunatero, koma nkhope yanu yatero."

Edson anabwerera ku kheni yake. Sanali munthu woipa. Anali munthu woti mphepo ikaomba amayamba waona kaye komwe anzake aweramira.

Masabata otsatirawo Rozina sanakhale pansi. Ankadzuka n'kuwasambitsa bambo ake, kuwamwetsa phala, kuchapa zomwe aononga, kenako n'kuwagwira dzanja ulendo wa kutchalitchi, wakhanda ali kumsana. Kumunda ankangosuzumira. Kuwasiya okha kunali kosatheka, chifukwa akatembenuka pang'ono ankawapeza ali m'njira ya kudimba akuitana aNabanda. Nthawi zina ankawakalipira mpaka mawu kusasa, kenako n'kukalira kubafa chifukwa cha manyazi. Ankawakonda, ndipo ankatopa nawo, zonse ziwiri pamodzi.

Gulu lawo ankalitcha Tiwasunge. Analiyambitsa mayi Everlyn, namwino wopuma pantchito, mayi wamfupi wa mawu okulira thupi. Amayi a m'gululi ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsika, ankaboola zitini za mkaka kuti anthu aziponyamo kangachepe, ndipo ankalemba mauthenga ndi makala pa makatoni a sopo. Pamene amayi ali yakaliyakali, a Gilibati ankakhala pabenchi n'kumaimba nyimbo za m'buku popanda kuphonya ndime ndi imodzi yomwe.

"Tamverani," anatero mayi Everlyn tsiku lina. "Munthu woimba chonchi ena akumutchula mfiti. Mfiti yake iti yosunga ndime zonse?"

"Ndimati tidzayende nawo pandawala," anatero Rozina. "Anthu akadzawaona ndi maso adzamvetsa."

"Iyayi, mwanawe. Dzuwa lake limeneli angatikomokere panjira. Komanso bambo ako si chionetsero. Anthu akawazungulire, ana akawaseke, ife n'kumagwedeza zitini pamutu pawo? Asiye kunyumba apume. Ukalankhule ndiwe m'malo mwawo."

"Ndiwasiya ndi yani?"

"Amuna ako alipo. Tsiku limodzi lokha angalephere?"

Anali mawu anzeru ndi achifundo, ndipo Rozina anawamvera. M'mawa wa tsiku la ndawala anawaveka bambo ake jekete, nawakhazika pakhonde, n'kumulangiza Edson ngati akusiya mwana wodwala.

"Akafunsa amayi muwauze kuti apita kudimba. Phala lili mumphika. Musawasiye okha ngakhale pang'ono."

"Ndamva," anatero Edson, maso ali kwina.

Ulendo unayambira patchalitchi. Amayi anavala zitenje zofanana, abambo angapo ananyamula makatoni aja, mayi Everlyn patsogolo ndi chimkuzamawu chobwereka chomwe chinkalira ngati mbuzi yomangidwa. Ankaimba, ankavina, ankaimitsa njinga ndi ngolo. Ena ankaponya m'chitini, ena ankangofunsa kuti ndi chipani chanji chimenechi, poti masiku amenewo gulu lililonse loimba pamsewu linkayenera kukhala ndi mtundu wa nsalu ndi chizindikiro chake cha zala. Pamalo okwerera maminibasi kondakitala wina anakuwa kuti, "Amayi osunga mfiti awo!" Mayi Everlyn anamulozetsa chimkuzamawu kumaso n'kumufunsa ngati iye adzafe ali mnyamata. Anzake anamuseka mpaka anaponya kanthu m'chitini kuti zithe.

Atafika pamsika wa Mitundu anaima pafupi ndi ogulitsa tomato, ndipo mayi Everlyn anamupatsa Rozina chimkuzamawu. Rozina anali asanalankhulepo pagulu chibadwire.

"Ine bambo anga ndi a Gilibati," anayamba. "Ambiri mumawadziwa. Ena mwa inu madenga a nyumba zanu ndi mitengo yawo. Lero saadziwa tsiku, saadziwa kuti mayi anga anamwalira. Akalowa m'khitchini mwanu sakufuna kukulodzani, akufuna mkazi wawo. Ndikupemphani, mukawaona asochera, agwireni dzanja muwabweretse kunyumba. Musawagende."

Mayi wina wogulitsa usipa anapukuta misozi, nabwera kudzanena kuti nawonso apongozi ake ali chimodzimodzi, koma amawabisa m'nyumba kuopa anthu. Zitini zinalira. Rozina anamva kupepuka komwe anali asanakumve chimwalirireni mayi ake. Anathamangira pamsewu ndi chitini chake, akuimitsa galimoto iliyonse. Matola ina yodzaza anthu ndi matumba inachepetsa liwiro chifukwa cha khamu la anthu, dalaivala anatulutsa dzanja n'kuponya kandalama, ndipo Rozina anavina kuthokoza fumbi likumuphimba.

Anabwerera kumudzi dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, nyimbo ikadali pakamwa. Asanafike n'komwe anamva nkhwangwa. Sinali imodzi. Zinkalira molandizana, ndipo kumapeto kwa munda, komwe chibadwire chake ankaona mdima wa masamba, kunali kuwala koyera mbee. Anayembekeza kumva mawu a bambo ake akukalipa, koma sanawamve. Apo ndi pomwe anayamba kuthamanga.

Pakhonde panalibe munthu. Mphasa ya a Gilibati inali itachoka, khasu lawo lomwe linkakhala pakona panalibe. Edson anali atakhala pamtondo, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Ababa ali kuti?"

"Khala pansi kaye, amake Chimwemwe."

"Ndati ababa ali kuti?"

"A Isake anabwera utangochoka. Anabwera ndi ankhoswe. Anati zonse anakambirana kale, galimoto anapangana nayo dzulo. Ine anangonditi ndinyamule katundu."

"Ndipo munanyamula."

"Ndikanatani? Akuluakulu onse analipo."

"Munawauza chiyani kuti akwere?"

"Tinawauza kuti aNabanda atsogola, akuwadikira."

Rozina anagwira nsanamira ya khonde. Bodza lomwe iye ankawatonthoza nalo ndi lomwe anawakwezera nalo galimoto.

"Munadzera kuti? Ife tinali pamsewu tsiku lonse."

"Tinadutsa pamsika pomwepo. Unatiimitsa ndiwe. Ine ndinawerama kuseri kwa matumba. Madala anakuona. Anati, si Rozina wanga uyo akuvinayo? Anakweza chipewa. Koma phokoso linali lalikulu."

Rozina sanakuwe. Anamasula mwana kumsana, namuika m'manja mwa Edson, n'kulunjika kunkhalango. Anapeza a Isake ataima pa chitsa akuloza aganyu poti aunjike milimo. Tsiku limeneli sanagwade.

"Amalume, munati tidzakambirana."

"Ndinati tidzaona. Taona. Zonse zayenda mwamwambo, mwana iwe. Ankhoswe analipo, tawaperekeza ndi ufa ndi nkhuku, tawasiya m'manja mwa mdzukulu wa mlongo wawo. Palibe wawamenya."

"Munadikira kuti ndichoke."

"Ukanakhalapo bwenzi pali kulira ndi kugubuduka, anthu n'kumationa ngati achipongwe. Takuchitira chifundo."

"Mawa ndikukawatenga."

A Isake anatsika pachitsa paja n'kumuyandikira, mawu atawatsitsa. "Kawatenge. Koma ukawapezere pokhala, chifukwa padothi la mbumba ino munthu wosudzulidwa sabwereranso. Munda ukulimawo, dimba, malo a nyumba yako, zonse ndinakugawira ndine. Uli ndi ana. Uganize bwino."

"Ndiye ndikakhala nawo konko."

"Ku Nathenje? Iwe kumeneko ndiwe yani? Mwana ndi wa kuchikazi, kwanu ndi kuno. Kumeneko akakulandira ngati mlendo, akakuphera nkhuku, mawa lake akakufunsa kuti mubwerera liti."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Bambo ake malo awo anali ku Nathenje kokha, iye malo ake anali ku Mitundu kokha. Mwambo unawagawa bwinobwino ngati nyama ya pamaliro, osasiya poti awiriwo angakhalire limodzi.

Pobwerera kunyumba anamupeza Edson akugwedeza mwana. Anamulanda mwanayo osamuyang'ana.

"Tsiku lomwe ndidzafe ine," anatero, "mudzakonzeretu mphasa yanu. Chimwemwe adzakhala ali kumsika."

Madzulo amenewo Edson sanadye.

Rozina sanapite mawa lake monga ananenera. Mwana anatentha thupi, mvula yoyamba inagwa, ndipo aliyense anathamangira kubzala. Mayi Everlyn anabwera kudzamuona, nakhala naye pamphasa.

"Ndinakuuza ndine kuti uwasiye," anatero.

"Munanena zabwino, mayi. Oipa ndi ena."

"Ndapita kwa abusa, ndapita kwa akuluakulu. Onse akuti za banja salowerera. Chisakasa chokha timanga, zomwe tinapeza zikukwanira udzu ndi mitengo." Anaseka kuseka kowawa. "Ndipo ukudziwa yemwe akugulitsa mitengo dera lino? Amalume ako."

Mwana atachira, Rozina anamusiya ndi mnzake wa m'gulu, nakwera matola yodzera msewu wafumbi wodulira ku Nathenje. Mudzi wa bambo ake anachita kufunsira, poti anapitako kamodzi kokha ali kamtsikana. Unali pafupi ndi msewu waukulu wa tala, moti malole opita ku Dedza ankamveka ngati akudutsa pabwalo.

Yemwe anamulandira anali Idesi, mdzukulu wa mlongo wawo wa a Gilibati. Anali mtsikana wamng'ono kwa Rozina, ali ndi pakati, ana ena awiri akumukoka chitenje. Atapatsana moni, Idesi sanadikire kufunsidwa.

"Achemwali, mwachita bwino kubwera. Ine agogowa ndinali ndisanawaonepo. Anthu anangofika ndi galimoto n'kuti awa ndi anu. Amuna anga ali kuesiteti ku Kasungu, ndili ndekha. Kukana sindikanatha, ndi magazi athu. Koma ndalephera."

"Akudya?"

"Akudya pang'ono. Vuto ndi msewu. Ndikangotembenuka athawira kutala, ati akupita kwawo. Dzana lole inachita kukhotera kumbali, dalaivala anatsika kufuna kundimenya. Ndinayesa kuwatsekera m'khitchini, anagogoda chitseko mpaka manja kutupa. Kuwamanga chingwe ndikuopa Mulungu. Mwabwera kudzawatenga eti?"

Rozina anayang'ana pansi. Njira yonse ankadzifunsa funso lomwelo, ndipo njira yonse yankho linali ana ake, munda wake, ndi nkhope ya a Isake.

"Ali kuti?"

"Kuseriku. Ndinawapatsa khasu kuti mwina aiwale msewu."

Kuseri kwa nyumba kunali kabwalo kouma gwa, kosesedwa bwino. A Gilibati anali atakagalauza konse n'kuunda mizere yowongoka ngati ya mlangizi. Anali ataonda. Jekete ija inali itang'ambika paphewa, ndevu zitamera, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Rozina anaima pamthunzi wa nyumba, atafunda mpango kumutu chifukwa cha fumbi la panjira, misozi ikulengeza.

"Ababa."

A Gilibati anadzutsa mutu. Anamuyang'ana kamphindi, kenako anadzidzimuka. Anaponya khasu pansi, navula chipewa, napatuka msangamsanga n'kukanjuta kumbali kwa mizere, nkhope ataitembenuzira kutchire. Anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu.

"Zikomo, apongozi. Sindinakuoneni. Pepani, ndakuyang'anani kumaso."

Apo Rozina anamvetsa. Bambo ake ankamuona ngati agogo ake, mayi wa aNabanda, omwe anamwalira kalekale. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, sawayandikira, amalankhula nawo ali chafulatira. A Gilibati anali ataiwala zonse, koma ichi chokha thupi lawo linkachidziwa.

"Ababa, ndine Rozina. Mwana wanu."

"Rozina ali bwino, apongozi, wayamba kukwawa." Anawombanso m'manja. "Koma ndimati ndifunse, ngati simundiona mwano. Ndinalakwa chiyani kuti mundibweze kwathu? Munda wanu ndinalima mpaka kudambo. Nkhokwe ndinaluka. Nyumba ndinamanga. Mowa sindimwa, mwana wanu sindinamumenyepo. Ngati pali pomwe ndinaphonya, ndiuzeni ndikonze. Musandichotse, ana akadali aang'ono."

Rozina anadzitseka pakamwa ndi mpango. Ankafuna kuwathamangira, kuwakumbatira, kuwagwedeza mpaka amudziwe. Anasuntha phazi limodzi, ndipo iwo anasunthira kutali, akupepesa. Kumsewu lole inadutsa ikuliza hutala, nthaka n'kunjenjemera. A Gilibati anatembenuzira khutu komweko.

"Galimoto ya kwathu imeneyo. Mukandilola ndikwera yomweyo, madzulo ndikhala ndafika. Mitengo ija ikufunika kutengulira."

Idesi anali ataima pakona ya nyumba, dzanja lili pamimba. Ananong'ona kuti, "Mukuona? Akangomva lole basi. Tsiku lina adzatibweretsera mtembo."

Rozina anayang'ana msana wa bambo ake, wopindika, mafupa akuonekera pajekete. Kuwatenga sakanatha. Kukhala nawo sakanatha. Chomwe chinatsala m'manja mwake chinali chimodzi, ndipo chinamunyansa asanachichite n'komwe. Mkuluyo sakanamvera mwana wake, sakanamvera Idesi, chitseko sichinawaletse. Koma panali munthu mmodzi yemwe a Gilibati sanamuchitirepo mwano moyo wawo wonse. Rozina anapukuta misozi, nakokera mpango kumaso, nakhwimitsa mawu ngati a mayi wachikulire.

"Akamwini."

"Wawa, apongozi."

"Simunalakwe kanthu. Munda munalima bwino. Nyumba munamanga yolimba. Pamudzi ponse palibe mkamwini ngati inu."

Mapewa a mkuluyo anagwedezeka. "Zikomo. Zikomo kwambiri, apongozi."

"Koma ndikuti mukhale kuno kaye. Muwathandize ana awa kulima. Kumsewu musapiteko, ngakhale mumve galimoto. Mudikire mpaka ine nditatuma munthu kudzakutengani. Mwamva?"

Lole ina inadutsa, ndipo a Gilibati sanatembenuzenso mutu.

"Ndamva, apongozi. Ndidikira. Mukamuuze mwana wanuyo kuti asadandaule, ndili bwino."

"Ndikamuuza."

Anakhala pansi pomwepo pamzere, miyendo ataitambasula, chipewa chili m'manja, ngati munthu amene mlandu wamukomera. Idesi anapumira m'mwamba.

"Achemwali, mwawatha. Chibwerereni sanakhalepo phee chonchi. Akadzaiwala ndizidzawakumbutsa kuti apongozi anati mudikire."

Rozina anamupatsa Idesi kathumba ka ufa ndi sopo komwe anabwera nako, nakana nkhuku yomwe ankafuna kumuphera, ponena kuti matola yomaliza ingamusiye. Anayenda kanjira kopita kumsewu. Munthu woti adzamutume kudzawatenga panalibe, ndipo iye ankadziwa. Bambo ake akanadikira ndithu, chifukwa anali munthu womvera.

Atafika pomwe kanjira kamakhotera, anaima. Anavula mpango uja kumutu kuti mwina, ali patali chonchi, amuone monga anamuonera pagulu la anthu n'kumutchula dzina. Anatembenuka kuti aone nkhope ya bambo ake.

A Gilibati anali pomwe paja, pakati pa mizere yawo. Koma poti anali munthu wodziwa mwambo, ndipo apongozi anali asanapite patali, anali atafulatira.